Mano, minga ndi ndowe zosanduka mwala za ku Aust Cliff: ndithandizeni kuzizindikira

NaPhiri wa ku Bristol

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga zokambirana za pano kwa miyezi ingapo osalembapo kanthu, koma lero ndabwera ndi funso chifukwa mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 sakundipatsa mpata wopuma. Loweruka lapitali tinapita ku Aust Cliff kuno ku England, gomo lofiira lija limene munthu amaliona akamawoloka mtsinje wa Severn pa mlatho wakale wopita ku Wales. Aphunzitsi ake anawauza kuti kumeneko kumapezeka mano a shaki zakalekale, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani m'nyumba inali yomweyo mpaka ndinagonja. Tinafika madzi ataphwa, tinayenda chapatali ndi gomolo, ndipo sitinakumbe paliponse. Tinangotola zidutswa za miyala imene inagwa kale, makamaka ya mtundu wina wotuwa moderako, wolemera, wooneka ngati konkire yosakaniza ndi makala osinja.

Mwa zonse zimene tinabwera nazo, zinayi ndi zimene zikutizunguza mutu. Choyamba ndi kanthu kakuda konyezimira, kosaposa mamilimita 4 m'lifupi, kokhala ndi nsonga imodzi yaitali pakati ndi tinsonga tiwiri tating'ono mbali iliyonse. Ndikakayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu ndikuona timizere totsika kuchokera kunsonga. Mwanayo akuti ndi dzino la khanda la megalodon, shaki yaikulu kwambiri yakalekale ija, ndipo sakufuna kumva zina.

Chachiwiri ndi kandodo kothyoka mbali zonse ziwiri, kotalika masentimita 3, kophwatalala pang'ono m'mbali. M'mphepete mwake mwina muli kamzere kosalala konyezimira, m'mbali muli timatuza tingapo, ndipo pothyokapo pakuoneka kabowo. Ine ndimati ndi nthiti ya kanyama kena.

Chachitatu ndi mbulu wobulungira motalikirako, wa masentimita 2, wofiirira moderako ndiponso wosanyezimira. Bambo wina amene tinakumana naye kugombeko anauyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti ndi ndowe zosanduka mwala. Mwanayo anaseka mpaka kukhala pansi, koma ine sindinakhutire, chifukwa miyala yotere inali mbwee pamalopo.

Chachinayi ndi chidutswa chophwatalala, cha masentimita awiri ndi theka, chokhala ndi zitunda zitatu zotambasuka ngati zala, ndipo pamwamba pake pali timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano. Ndikuganiza kuti ndi chigoba cha nkhono.

Ndikupempha amene mumazidziwa zinthu zimenezi mundiuze chimene munthu amayang'ana kuti asiyanitse dzino, munga, fupa ndi mwala wamba, komanso mmene ndingazitsukire osaziwononga.

Mphunzitsi Wopuma

Mayi NaPhiri, zikomo pofotokoza ndi miyeso, chifukwa anthu ambiri amangoti "kanthu kakuda" n'kumayembekezera dzina. Ine ndapitako ku Aust kangapo, ndipo langizo langa loyamba ndi lakuti musayambire pa maonekedwe a chinthucho, yambirani pa mwala umene chakhalamo. Maonekedwe amanamiza, koma mwala umakuuzani zaka, ndipo mukadziwa zaka mwachotsa kale mayina ambiri amene sangatheke.

Mukaimirira patali n'kuyang'ana gomolo mudzaona kuti ndi losanjikizana. Gawo lalikulu la m'munsi ndi lofiira, lokhala ndi mizere yoyera ya gypsum, ndipo akatswiri amalitcha Mercia Mudstone. Limeneli linapangika pamene dera lonselo linali louma ndi lotentha, lokhala ndi nyanja zamchere zimene zinkaphwa, choncho simupezamo mano. Pamwamba pake pali gawo lotuwa mobiriwirako lotchedwa Blue Anchor Formation, ndipo pamwamba pa limenelo pali gawo lakuda lotchedwa Westbury Formation. Kusintha kumeneku, kuchoka ku zofiira kufika ku zakuda, ndi chizindikiro chakuti nyanja inasefukira n'kumiza dzikolo zaka pafupifupi 205 miliyoni zapitazo, chakumapeto kwa nyengo ya Triassic. Pansi penipeni pa gawo lakudalo ndi pamene pali mzere wopyapyala umene mafunde anaunjikamo mano, mamba, minga, mafupa ndi ndowe, pamodzi ndi timiyala ndiponso zibuma zobiriwirako zimene madzi anakumba kuchokera ku gawo la m'munsi. Konkire yanu yosakaniza ndi makala ija ndi imeneyo. Ngati m'zidutswa zanu mukuona zibuma zobiriwirako ndi timadontho tonyezimira ngati golide, musakayikenso za kumene zachokera.

Tsopano za megalodon. Mumuuze mwanayo mofatsa kuti shaki yaikulu ija inaoneka padziko zaka zoposa pang'ono 20 miliyoni zapitazo, ndipo inatha zaka pafupifupi 3.6 miliyoni zapitazo. Mwala wake ndi wakale kuposa pamenepo ndi zaka zoposa 180 miliyoni, choncho dzino lakelo ndi lachikulire kwambiri kuposa la megalodon aliyense, ngakhale kuti ndi laling'ono ngati njere ya mapira. Mmene mwalifotokozera, nsonga yaitali pakati, tinsonga m'mbali ndi timizere totsika, zikugwirizana ndi shaki yaing'ono yotchedwa Rhomphaiodon minor, imene m'mabuku akale mudzaipeza ndi dzina lakuti Hybodus minor. Ndi limodzi mwa mano awiri a shaki amene amapezeka kwambiri pamalopo. Linalo ndi la Lissodus minimus, limene ndi lalifupi msinkhu, lotambalala, lokhala ndi kachitunda kamodzi kopingasa, looneka ngati kachipewa. Loyambalo linali logwirira nyama yoterera, pamene lachiwirili linali lophwanyira zamoyo za zigoba. Ndikukhulupirira kuti mukayang'anitsitsa mwala womwewo mupeza mano a Lissodus angapo amene munawadumpha powayesa mchenga wakuda.

Chifukwa chimene mano amachulukira chotere n'chosavuta kumva. Mafupa a shaki ndi ofewa, a mtundu wa amene ali m'khutu ndi kunsonga ya mphuno yathu, ndipo nyamayo ikafa amaola msanga. Mano ndiwo olimba, ndiponso shaki imagulula mano ndi kumeretsa ena moyo wake wonse, moti shaki imodzi imasiya mano ambirimbiri pansi pa nyanja isanafe n'komwe. N'chifukwa chake mitundu yambiri ya shaki zakale timaidziwa ndi mano ndi minga basi.

Pofuna kusiyanitsa dzino ndi mwala wamba, yang'anani malire. Dzino la shaki limakhala ndi mbali ziwiri zosiyana: kumtunda kosalala ndi konyezimira, kumene kunkaonekera m'kamwa, ndi kumunsi kosanyezimira, kokhala ndi timabowo, kumene kunali m'nkhama. Mwala wongopereseka ndi madzi sukhala ndi malire otere. Komabe ku Aust mano ambiri anagubuduzika ndi mafunde asanakwiririke, choncho muzu umakhala utachoka ndipo nsonga zimakhala zobuntha, ndiye musadabwe ngati lanulo latsala kumtunda kokha. Mudzaonanso mano osongoka ngati msomali, a nsonga imodzi yooneka mbuu ngati galasi. Amenewo si a shaki, ndi a nsomba za mafupa olimba, monga Severnichthys, imene inali yolusa, kapena Gyrolepis. Tizidutswa tonyezimira ta ngodya zinayi, tokhala ndi timizere tokhotakhota, ndi mamba a Gyrolepis yomweyo.

Kandodo kachiwiri kaja sindikukhulupirira kuti ndi nthiti. Nthiti ya chokwawa cha m'madzi, monga Pachystropheus amene mafupa ake amapezeka pamalopo, siikhala ndi kamzere konyezimira kapena timatuza, ndipo pothyoka pake pamaoneka ngati fupa. Zizindikiro zimene mwatchula, makamaka kamzere konyezimira ka m'mphepete ndi timatuza ta m'mbali, ndi za munga wa pamsana wa shaki umene umatchedwa Nemacanthus monilifer. Minga ya shaki za gulu la Hybodus imasiyana ndi umenewu chifukwa imakhala ndi timizere tambiri totumphuka toyenda m'litali, ndipo kumbuyo kwake kumakhala timano tokhota. Tengani galasi lanu muone kuti mwa ziwirizi chilipo ndi chiti.

Za chachitatu ndi chachinayi ndidikira kaye kuti ena alankhulepo. Koma ndisaiwale za madzi: mtsinje wa Severn ndi umodzi mwa malo amene madzi amakwera ndi kutsika kwambiri pa dziko lonse lapansi, moti pa masiku ena kusiyana kwake kumafika mamita 14, ndipo matope ake amamiza mwendo. Munachita bwino kupita madzi akuphwa ndi kuyenda kutali ndi gomo, chifukwa miyala imene munatolayo inagwa kuchokera pamwamba pomwepo ndipo ina idzagwanso. Malowo ndi otetezedwa ndi lamulo, choncho kutola zogwa kale n'kololedwa koma kugoba gomolo ndi nyundo ayi.

Mwana wa Msodzi

Ndalemba kuchokera ku Nkhotakota. Ku Ulaya sindinafikeko ndipo shaki ndimangoiona pa kanema, koma nkhani ya minga yandikoka chifukwa ndinakulira mu bwato la bambo anga ndipo zala zanga zili ndi zipsera za nkholokolo. Aphunzitsi, ndikufuna mundithandize apa. Nkholokolo ili ndi minga itatu yolimba, umodzi pamsana ndi iwiri m'mbali pafupi ndi mutu, ndipo ikagwidwa imaiimika n'kuikhoma moti simungaipinde ndi dzanja popanda kuithyola. Minga ya m'mbaliyo ili ndi timano ngati sowo, ndiye chifukwa chake nsombayi imavuta kuwonjola mu ukonde. Nditawerenga za timano tokhota ta kumbuyo kwa munga wa Hybodus ndinaganiza kuti mwina kandodo ka Mayi NaPhiri ndi ka nsomba ya mtundu wa nkholokolo kapena mlamba, osati shaki. Kodi munthu angadziwe bwanji?

Chimene ndikudziwa bwino ndi tsinde la munga wa nsomba zathuzi. Mukadya nkholokolo kapena mlamba n'kutsuka munga wa m'mbali, mudzaona kuti kutsinde kwake kuli mutu wopindika wokhala ndi timfundo, umene umalowa mu fupa la paphewa n'kumazungulira ngati chitseko pa hinjesi yake. Mutu umenewu ndi umene umakhoma, ndipo ndi umenenso umalira nsombayo ikamagwedeza minga mu bwato. Ndinawerenga kuti ku Karonga, m'miyala yotchedwa Chiwondo Beds, kumene kunapezeka nsagwada ya munthu wakalekale ku Uraha mu 1991, kumapezekanso zotsalira za nsomba za gulu la mlamba. Choncho minga yosanduka mwala si ya ku England kokha.

Za mbulu wachitatuwo, ine ndikugwirizana ndi bambo wa kugombe uja. Ngati malowo amadziwika ndi ndowe zosanduka mwala, ndipo chinthucho chikuoneka ngati ndowe, ndiye tikukanirananji? Ndi ndowe basi, Mayi, muzisunge.

Wa ku Chigwa

Ine ndiyankhapo za chachinayi chokha, chifukwa nditawerenga kufotokoza kwake mtima unagunda. Mayi NaPhiri, chimenecho musachitaye, ndipo musachiike m'chitini chimodzi ndi miyala ina kuti chingakhulike. Zigoba zimapezekadi m'gawo lakuda lija, koma chigoba chimakhala chopyapyala ndi chopindika ngati supuni, ndipo timizere take timakhala tambiri ndi tating'ono. Chanucho ndi chochindikala, cha zitunda zochepa zikuluzikulu zotambasuka ngati zala, ndiponso cha timabowo ngati tobaya ndi singano. Zimenezo ndi zizindikiro za dzino la Ceratodus, nsomba yopuma ndi mapapo. Nsomba zimenezi sizikhala ndi mano amodziamodzi, koma zimakhala ndi mbale zolimba, ziwiri kumwamba ndi ziwiri kumunsi, zimene zitunda zake zimalowana pophwanya chakudya. Timabowoto ndi nsonga za timitsempha ta m'kati mwa dzino timene tinaonekera pamwamba pataperepeseka ndi kutafuna. Lathunthu limakhala ndi zitunda zinayi kapena zisanu, choncho lanulo ndi lothyoka, komabe anthu amapita ku Aust maulendo ambiri osalipeza.

Mbiri yake ndi yokoma. Amene anapereka dzina lakuti Ceratodus ndi Louis Agassiz m'zaka za m'ma 1830, ndipo ena mwa mano amene anagwiritsa ntchito anali a ku Aust komweko. Iye analibe nsomba yamoyo yoyerekezera nayo, choncho anaiika m'gulu la shaki. Mu 1870 Gerard Krefft, wa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Sydney, anaona nsomba ya m'mitsinje ya ku Queensland imene m'kamwa mwake munali mbale zomwezo, ndipo ndi pamene anthu anazindikira kuti mwini wa mano aja anali nsomba ya mapapo. Nsomba ya ku Australia ija lero imatchedwa Neoceratodus forsteri.

Chimene chinandigunditsa mtima n'chakuti kwathu ku Chigwa cha Shire, m'madambo a Elephant Marsh, tili ndi m'bale wake, Protopterus, amene timamutcha dowe. Anzathu a kumtunda akamva dowe amaganiza za chimanga chachiwisi, koma ife timanena nsomba yaitali ya zipsepse zonga zingwe, imene madzi akaphwa imadzikwirira m'matope n'kumapuma mpweya mpaka mvula ibwere. Aliyense amene anakonzapo mutu wake amadziwa kuti m'kamwa mwake muli mbale zakuthwa m'malo mwa mano wamba, ndipo ikakuluma siseka. Mbale za dowe ndi zopyapyala ndi zakuthwa kwambiri poyerekeza ndi za Ceratodus, komanso ya ku Australia ija siidzikwirira m'matope ngati yathu, choncho musamuuze mwanayo kuti wapeza dzino la dowe. Muuzeni kuti wapeza dzino la mtundu wa makolo a dowe.

Mphunzitsi Wopuma

Ndikugwirizana ndi a ku Chigwa pa chachinayicho, ndipo sindiwonjezapo kanthu.

Achimwene a ku Nkhotakota, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake mwalipereka nokha pofotokoza tsinde. Munga wa nkholokolo ndi fupa, ndipo uli ndi mutu wolowa mu mfundo kuti uziima ndi kugona. Munga wa shaki ulibe mfundo iliyonse. Unapangidwa ndi zinthu zofanana ndi za dzino, ndipo umazikika mu mnofu kutsogolo kwa chipsepse cha pamsana monga mmene mzati umazikikira m'dothi. Tsinde lake ndi lalitali, losanyezimira, ndipo kumbuyo kwake kuli mphako yotseguka imene munkalowa fupa lofewa. Kabowo kamene Mayi NaPhiri akuona pothyokapo ndi mapeto a mphako imeneyo. Shaki zina za lero, monga ya Port Jackson ya ku Australia, zidakali ndi minga yotere, umodzi kutsogolo kwa chipsepse chilichonse cha pamsana. Koma ngakhale tsinde likanasowa, mwala ukanatiweruzira mlanduwu: nsomba za gulu la mlamba ndi nkholokolo zinadzaoneka mochedwa kwambiri, chakumapeto kwa nyengo ya Cretaceous, zaka zoposa 100 miliyoni mwala wa ku Aust utauma kale. Miyala ya Chiwondo imene mwatchula ndi ya zaka mamiliyoni ochepa chabe, ndipo kumeneko kuganiza za mlamba n'koyenera.

Pa nkhani ya ndowe ndiye sitigwirizana. N'zoona kuti ku Aust ndowe zosanduka mwala, zimene akatswiri amazitcha coprolite, ndi zambiri, ndipo mwina mbulu wa Mayi NaPhiri ndi umodzi mwa izo. Koma kufanana ndi ndowe si umboni. M'matope a pansi pa nyanja, phosphate (chinthu chimene chimapezekanso m'mafupa ndi m'mano) amatha kuundana yekha kukhala mibulu yobulungira, ndiponso chidutswa cha fupa chogubuduzika nthawi yaitali chimabulungira n'kuda chimodzimodzi. Zonse zitatuzi zimakhala mumzere umodzi, ndipo mtundu wake ndi wofanana.

Anthu oyamba kuzindikira zinthu zimenezi sanadalire maonekedwe akunja. Mary Anning, amene ankafukula zotsalira za nyama zakale ku Lyme Regis, anaona kuti miyala ina imene anthu ankaitcha bezoar inkapezeka pamalo a mimba m'mafupa a ichthyosaur, chokwawa chakale cha m'nyanja, ndipo akaiswa ankapezamo mamba ndi minga ya nsomba. William Buckland ndiye anafotokoza nkhaniyi mu 1829 n'kupereka dzina lakuti coprolite. Ataona kuti ina mwa miyalayo ili ndi mizere yozungulira ngati mazinga a bawuti, anathira simenti m'matumbo a shaki zazing'ono za lero, ndipo simentiyo itauma inatuluka ndi mazinga ofanana. Shaki ndi nsomba za mapapo zili ndi matumbo opotoka m'kati, ndipo chodutsamo chimatenga mapotokedwe amenewo.

Choncho, Mayi NaPhiri, yang'anani zinthu izi. Muone ngati pamwamba pa mbuluwo pali mizere yozungulira kapena mphepete yopindirana ngati chitenje chokulunga, makamaka chakumapeto kumodzi. Muone ngati penapake pakutulukira kanthu konyezimira, monga mamba kapena kadzino. Ngati pali pobenthuka, m'kati mwa ndowe mumaoneka mosalala ndi mothinana ngati dongo louma, pamene m'kati mwa fupa mumaoneka timabowo kapena timitsitsi toyenda mbali imodzi. Mukapeza mazinga kapena mamba m'kati, lembani kuti coprolite mosaopa. Mukapanda kupeza chilichonse, lembani kuti "mbulu wa phosphate, mwina coprolite", ndipo palibe katswiri amene angakusekeni. Ndikukupemphani kuti musauswe ndi nyundo pofuna kuona m'kati, chifukwa muli nawo umodzi wokha. Ofufuza a pa yunivesite ya Bristol amaona za m'kati mwa ndowe zoterezi ndi makina a CT, ofanana ndi a kuchipatala, popanda kuziswa.

Kusokoneza ndowe ndi mibulu ya phosphate si kwachilendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, ku Suffolk ndi ku Cambridgeshire anthu ankakumba mibulu ya phosphate yambirimbiri n'kumaisungunula ndi asidi kuti apange feteleza, ndipo onse ankaitcha coprolite, moti mumzinda wa Ipswich mudakali msewu wotchedwa Coprolite Street. Komatu yambiri mwa mibuluyo sinali ndowe ayi.

Pa katsukidwe, samalani ndi madzi. Timadontho tonga golide tija ndi pyrite, ndipo pyrite akakhala pachinyontho amatha kuwola n'kutulutsa ufa woyera kapena wachikasu wonunkha ngati machesi, umene umaphwanya mwala wonse pamodzi ndi mano ake. Tsukani kamodzi ndi madzi abwino ndi mswachi wofewa kuti mchere ndi matope zichoke, muumitse bwinobwino, kenako musunge m'kabokosi kotseka pamalo ouma, ndipo muikemo timapaketi tija toyamwa chinyontho timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Ofufuza amasungunula mwalawu ndi asidi wofooka wa mtundu wa viniga kuti mano atsale pa sefa, koma amathiramo mankhwala ena oteteza manowo ndipo amatsukuluza kwa masiku. Kunyumba mungayese pa kachidutswa kamene mulibe nako ntchito, koma osati pa zinayi zimenezi. Dzino loyamba lija musalizule pamwala, chifukwa limathyoka, ndiponso mwalawo ndiwo umboni wa kumene lachokera. Pa kapepala lembanipo malo, tsiku, ndi mawu akuti munatola m'mwala wogwa kale.

NaPhiri wa ku Bristol

Zikomo kwambiri nonse atatu. Dzulo madzulo tinayala nyuzipepala patebulo, tinayatsa tochi ya foni chammbali monga mmene ndinaonera kuti timizere timaoneka bwino, ndipo tinayamba kuyang'ana mwala uliwonse pang'onopang'ono. Aphunzitsi, munanena zoona: pa chidutswa chimodzi chokha, chosaposa chikhatho changa, tinawerenga mano asanu ndi awiri onga kachipewa aja, ndi mamba a ngodya zinayi oti sitinathe kuwawerenga. Zibuma zobiriwirako ziliponso. Kandodo kaja kalibe timizere toyenda m'litali, kali ndi kamzere kamodzi konyezimira ndi timatuza basi, choncho talemba kuti Nemacanthus.

Mbulu wachitatu uja watitengera nthawi yaitali. Mazinga sitinawaone, ngakhale tinautembenuza mbali zonse. Koma chakumapeto kumodzi pali pobenthuka pang'ono, ndipo pamenepo pakuoneka kanthu kakuda konyezimira, kopyapyala, ka ngodya yakuthwa, kolowa m'kati mwa mbuluwo. Chimene sindingathe kusiyanitsa ndi galasi langa n'chakuti kanthuko kali m'kati mwenimweni kapena kanangomatirira kunja pamodzi ndi mwala wozungulira, popeza mamba ali paliponse m'mwalawu. Mwanayo akuti achimwene a ku Nkhotakota apambana, ine ndikuti mlandu sunathe. Pakadali pano pa kapepala talemba mawu aja akuti "mwina".

Nkhani ya megalodon anailandira bwino kuposa mmene ndinkaopera, makamaka atamva kuti dzino lake ndi lachikulire. Koma tsopano mtima wake wonse uli pa Ceratodus, ndipo wandifunsa mafunso a dowe amene ine wa ku Dedza sindingawayankhe. A ku Chigwa, ngati muli ndi chithunzi cha m'kamwa mwa dowe, chonde tithandizeni, chifukwa akufuna kuchiika pambali pa dzino lakelo akamakaonetsa kusukulu.

Ndalembera kalata a ku Bristol Museum and Art Gallery kufunsa ngati angatione ndi zinthu ziwiri, mbulu ndi dzino la mbale, ndipo ndatumiza zithunzi zokhala ndi rula pambali. Funso limene latsala ndi la kandodo kaja: pamene timakatsuka kanang'aluka pang'ono m'litali, ngakhale sikanapatukane. Kodi ndikamate ndi guluu wanji amene angadzachotseke ngati akatswiriwo atafuna kukaona bwino, kapena ndikasiye momwemo pa thonje mpaka tsiku limene tidzapite?